Nikon D3500 ngati kamera yoyambira kujambula zithunzi kuno ku Chipata

Munthu amene wakhala akujambula ndi foni ndipo tsopano akufuna kugula kamera yake yoyamba ya mtundu wa DSLR amakumana ndi mayina awiri paliponse pamene wafunsa, Canon ndi Nikon, ndipo aliyense amene amamulangiza amatamanda kamera imene iye mwini ali nayo. Ndemanga iyi ikunena za Nikon D3500 pamodzi ndi lenzi imene imabwera nayo, ya AF-P DX 18-55mm f/3.5-5.6G VR, monga momwe ndaionera poigwiritsa ntchito muno mu Chipata, ku Katete ndiponso ku Mfuwe. Maganizo anga ndi akuti pa makamera otsika mtengo a mtundu umenewu, iyi ndi imene ikugwirizana kwambiri ndi moyo wa kuno ku Chigawo cha Kum'mawa, makamaka chifukwa cha batire lake, ngakhale kuti ili ndi chofooka chimodzi chimene fumbi la kwathu kuno limachionetsa poyera.

Ndi bwino kuyamba ndi kufotokoza chimene chimasiyanitsa DSLR ndi foni, chifukwa kusiyana kumeneku ndi kumene munthu akulipirira. Mkati mwa kamerayi muli galasi lopendekeka limene limalandira kuwala kolowera pa lenzi n'kukutumiza m'mwamba, ku kawindo kamene wojambula amaikapo diso, ndipo mukadina batani lojambulira galasilo limanyamuka, kachitseko ka mkati kotchedwa shutter kamatseguka, kuwala n'kufika pa sensa, kachipangizo kamene kamasandutsa kuwalako kukhala chithunzi. Choncho chimene mukuona pa kawindoko ndi chinthu chenichenicho kudzera m'magalasi, osati chithunzi cha pa sikirini, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri pa dzuwa la Okutobala pamene sikirini ya foni sioneka n'komwe. Sensa ya D3500 ndi ya mamilimita 23.5 m'litali ndi 15.6 m'lifupi, yaikulu kwambiri poyerekeza ndi ya m'mafoni ambiri, ndipo ukulu umenewu ndi umene umachititsa kuti chithunzi cha madzulo chikhale choyera ndiponso kuti kumbuyo kwa munthu wojambulidwa kufewe mwachibadwa popanda pulogalamu yongoyerekezera.

Kamerayi inatuluka m'chaka cha 2018. Ili ndi ma megapixel 24.2, ISO yake, nambala imene mumaikweza kuti sensa ijambule pa kuwala kochepa, imayambira pa 100 kufika pa 25,600, ndipo imalemera magalamu 415 ikakhala ndi batire ndi khadi mkati. Chogwirira chake n'chakuya bwino moti zala zimakhazikika, ndipo munthu angathe kuikoleka m'khosi n'kukwera nayo phiri la Kanjala popanda kumva kuti wanyamula katundu. Mabatani ake ndi ochepa, ndipo pafupifupi onse ali kudzanja lamanja. Ena amaona kuchepa kwa mabataniku ngati vuto, koma kwa woyamba ine ndimakuona ngati mwayi, mofanana ndi kuphunzirira pa njinga ya kapalasa yopanda magiya, pamene maganizo onse amakhala pa msewu. Pa kagudumu kosankhira kajambulidwe pali malo olembedwa GUIDE, pamene kamera imakufunsani chimene mukufuna, kaya kufewetsa kumbuyo kapena kuimitsa chinthu chothamanga, kenaka n'kukusonyezani nambala imene muyenera kusintha ndi chifukwa chake. Malangizowo ali m'Chingerezi chosavuta, ndipo munthu amene wawatsatira kwa masabata angapo amayamba kumvetsa mgwirizano wa zinthu zitatu zimene kujambula konse kwatsamirapo: kukula kwa kabowo ka lenzi, liwiro la shutter, ndi ISO.

Pa nkhani ya batire ndi pamene kamerayi imasiyira anzake kutali. Batire lake ndi EN-EL14a, ndipo malinga ndi muyezo wa CIPA umene makampani onse a makamera amagwiritsa ntchito, limajambula zithunzi 1,550 likadzaza kamodzi. Canon EOS 2000D, imene ndi mnzake wopikisana naye pa mtengo, imajambula zithunzi pafupifupi 500 pa muyezo womwewo, ndipo makamera ambiri otsika mtengo opanda galasi mkati amajambula zochepera pamenepo chifukwa sikirini kapena kawindo kawo kamadya moto nthawi yonse. Munthu wokhala ku London sangaone kusiyana kumeneku ngati nkhani yaikulu, koma ife amene tinadutsa m'chaka cha 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankatha maola ochuluka pa tsiku asanabwere, tikudziwa kuti chipangizo chimene sichifuna kutchajidwa tsiku ndi tsiku n'chamtengo wapatali. Mukapita kumudzi ku Vubwi kapena ku Chadiza kukakhala masiku angapo pa ukwati kapena pa chiliza, batire limodzi lodzaza bwino limakwanira, bola musamangoyang'ana zithunzi pa sikirini mukangojambula, ndiponso muzimitse Bluetooth. Chokhacho choyenera kudziwa n'chakuti kamerayi siitchajidwa ndi chingwe cha USB ngati foni. Batire limachotsedwa n'kuikidwa m'chaja chake, cha MH-24, chimene chimafuna magetsi a pakhoma. Pali machaja ang'onoang'ono a USB opangidwa ndi makampani ena amene amalandira batire limeneli, ndipo amene ali ndi sola kapena power bank angachite bwino kugula chimodzi pa tsiku lomwe akugula kamera.

Malo amene amayesadi kamera ndi a mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, Loweruka lomaliza la mwezi wa Febuluwale, pamene Angoni amasonkhana pamaso pa Nkhosi yaikulu Mpezeni kuthokoza chifukwa cha zipatso zoyamba za m'munda. Ovina ingoma amabwera m'magulu, atavala zikopa, atanyamula zishango ndi zibonga, ndipo mwendo umene wakwezedwa m'mwamba umatsika pansi mofulumira kwambiri moti kamera ikasiyidwa pa AUTO, phazi ndi chibonga zimatuluka zosaoneka bwino. Chimene chimathandiza ndi kuika kagudumu pa S, pamene mumasankha nokha liwiro la shutter, kusankha liwiro la 1/500 kapena 1/1000 ya sekondi, n'kuuza kamera kuti izitsatira chinthu choyenda posankha AF-C. D3500 imajambula zithunzi zisanu pa sekondi imodzi, ndipo zimenezi zimakwanira kugwira nthawi imene mapazi onse a m'mzere agunda pansi pamodzi ndipo matope akudumpha, pamene 2000D imajambula zitatu zokha. Ili ndi timadontho 11 tolunjikitsira chithunzi, koma kodalirika kwenikweni ndi kapakati, kotero ndi bwino kusankha kameneko, kukaika pa nkhope ya wovina mmodzi, n'kusiya malo okwanira m'mbali kuti mudzadule chithunzicho pambuyo pake. Ma megapixel 24 amalola kudula koteroko popanda kuwononga chithunzi. Popeza Febuluwale ndi pakati pa dzinja, kumbukirani kuti kamerayi ilibe chitetezo chilichonse ku madzi. Pepala lapulasitiki lolimba ndi kansalu kouma ziyenera kukhala m'chikwama nthawi zonse, ndipo mvula ikangoyamba kudontha, kamera ilowe m'kati.

Pali chinthu china chimene mabuku a malangizo satchula kawirikawiri koma chimatikhudza tonse kuno. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse n'kufunafuna pakati, choncho munthu wa khungu lakuda akavala malaya oyera n'kuima kutsogolo kwa thambo lowala, kamera imateteza malaya ndi thambo, nkhope n'kutuluka yoderatu, maso osaoneka. Pa D3500 mankhwala ake ali pafupi ndi chala: pali kabatani ka chizindikiro cha kuphatikiza ndi kuchotsera kumbuyo kwa batani lojambulira, ndipo mukakagwira n'kupotoza kagudumu ka kumbuyo kufika pa +0.7 kapena +1.0, nkhope imawala bwino. Chabwino koposa ndi kumupempha munthuyo kuti aime pamthunzi wa mtengo wa mango kapena pakhonde, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala. Mayi wina wogulitsa mtedza pa msika wa Kapata, nditamufunsa kuti, "Amayi, kodi mungalole kuti ndikujambuleni?" anakonza duku lake n'kusendera yekha pansi pa denga la malata pamene dzuwa silimafika, ndipo chithunzicho chinaonetsa mizere ya m'manja mwake ndi makoko a mtedza m'lichero momveka bwino kwambiri pa ISO 400. Amene akufuna kukonza zithunzi pa kompyuta asankhe kujambula mu RAW, mtundu wa chithunzi chimene kamera sinachikonze, imene Nikon amaitcha NEF, chifukwa sensa imeneyi imasunga zambiri m'malo amdima ndipo zimatheka kuzitulutsa pambuyo pake popanda chithunzi kuchita mchenga.

Tsopano chofooka chija. Makamera ena, kuphatikizapo D3300, imodzi mwa zimene zinatuluka D3500 isanabwere, ali ndi kachipangizo kogwedeza sensa kuti fumbi ligwe nthawi iliyonse kamera ikayatsidwa kapena kuzimitsidwa. Kuyambira pa D3400 kachipangizoka kanachotsedwa, ndipo D3500 ilibenso. M'mayiko a chinyezi mwina sizidetsa nkhawa, koma aliyense amene anafikapo ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba, Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, akudziwa mtundu wa fumbi limene limakwera magalimoto akamalowa ndiponso Gule Wamkulu akatsika m'bwalo. Fumbi limeneli n'losalala ngati ufa ndipo limalowa paliponse. Njira yaikulu imene limafikira pa sensa ndi posintha lenzi, choncho sankhani lenzi imodzi musanachoke kunyumba ndipo musaichotse mpaka mutabwerera. Ngati kusintha sikungalephereke, lowani m'galimoto yotseka mawindo, zimitsani kamera, ndipo muilozetse pansi pochotsa lenziyo.

Kudziwa ngati sensa yadetsedwa n'kosavuta. Ikani kagudumu pa A, pamene mumasankha nokha kukula kwa kabowo ka lenzi, sankhani f/22, imene ndi kabowo kakang'ono kwambiri, jambulani thambo lopanda mitambo kapena khoma loyera, kenaka kulitsani chithunzicho pa sikirini. Timadontho takuda tokhala pamalo amodzimodzi pa zithunzi zonse ndi fumbi. Chochotsera chake ndi kampira kopopera mpweya kamene kamagulitsidwa pamodzi ndi zipangizo za makamera. M'menyu muli lamulo lonyamula galasi kuti sensa ionekere, ndipo mumapopera kamera italoza pansi, kampirako kasakhudze chilichonse. Musauzire ndi pakamwa chifukwa malovu amasiya zipsera zovuta kuchotsa kuposa fumbi, ndipo musalowetsemo nsalu kapena thonje. Ponena za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira m'chaka cha 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, kukhala ndi kamera sikupatsa munthu ufulu wolowa m'bwalo kapena kulondola zilombo kumene zikuchokera. Funsani akuluakulu a mwambo kumene mungaime ndi zimene mungajambule, ndipo akakukanizani, tsitsani kamera.

M'nyengo ya mvula mdani amakhala chinyezi, chimene chimameretsa nkhungu mkati mwa magalasi a lenzi ngati yasungidwa nthawi yaitali m'chikwama chotseka m'chipinda cha mdima. Kabokosi kapulasitiki kotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel, tomwe timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, n'zokwanira, ndipo kamera yogwiritsidwa ntchito kawirikawiri sichita nkhungu msanga.

Lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamerayi ndi yabwino kuposa momwe mtengo wake ungakuganiziritseni. Imalunjika mofulumira ndiponso mwakachetechete, ndipo zilembo za VR zikutanthauza kuti imachepetsa kugwedera kwa manja, zimene zimathandiza pojambula zinthu zosayenda kukamada. Iyenera kutsegulidwa podina kabatani ka pambali n'kuipotoza musanajambule, apo ayi kamera imakana. Malire ake amaonekera m'nyumba ndi m'tchalitchi, chifukwa mukaikokera pa 55mm kabowo kake sikatseguka kupitirira f/5.6, ndipo kamera imakakamizika kukweza ISO kapena kuchepetsa liwiro. Fulashi ya pamwamba pa kamera ndi yofooka ndipo imangofika mamita ochepa. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti ndalama zotsala mutagula kamera zipite ku lenzi ya AF-S DX 35mm f/1.8G, imene imalowetsa kuwala kochuluka kangapo ndipo imajambula mwana akusewera m'chipinda chowala ndi zenera limodzi lokha. Lenzi imeneyi siikoka chinthu pafupi, moti wojambula amayenera kusendera yekha, ndipo chizolowezi chimenechi chimaphunzitsa kusanja chithunzi mofulumira kuposa lenzi yokoka.

Apa pali msampha umene wogula malenzi akale ayenera kuudziwa. Kalumikizidwe ka malenzi a Nikon, kotchedwa F, kanayamba m'chaka cha 1959, ndipo malenzi ambiri akale amalowa pa D3500, koma kamerayi ilibe mota yoyendetsera lenzi m'thupi mwake. Malenzi olembedwa AF-S kapena AF-P ali ndi mota yawoyawo ndipo amalunjika okha, pamene olembedwa AF okha, monga 50mm f/1.8D imene imapezeka motchipa, amafuna kupotozedwa ndi dzanja. Wogulitsa angakuuzeni moona kuti lenziyo ndi ya Nikon ndipo ikulowa, koma mukafika kunyumba mudzapeza kuti siilunjika yokha. Msampha winanso ndi wa mbali inayo: malenzi a AF-P sagwira ntchito pa makamera akale monga D3000, D3100 ndi D3200, choncho amene wasankha kugula imodzi mwa zimenezi chifukwa chotchipa ayang'ane malenzi a AF-S.

Ambiri a ife timagula kamera tili ndi Mfuwe m'maganizo, chifukwa paki ya South Luangwa ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera mu Chipata. Kunena mosabisa, lenzi ya 18-55mm siikwanira kumeneko. Idzajambula bwino mtsinje wa Luangwa dzuwa likamalowa ndiponso njovu imene yayandikira galimoto, koma nyalugwe ali pa nthambi, kadyansonga wa mtundu wa Thornicroft amene amapezeka m'chigwa chimenechi chokha, kapena mbalame zofiira zimene zimakumba zisa m'magombe a mtsinje m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, zonsezi zidzatuluka ngati timadontho pakati pa chithunzi. Lenzi yoyenera thumba la woyamba ndi AF-P DX 70-300mm f/4.5-6.3G ED, imene pa sensa ya kamerayi imaona ngati lenzi ya 450mm pa kamera ya sensa yaikulu. Ili ya mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ina ya VR ndi ina yopanda VR, ndipo popeza D3500 ilibe chochepetsera kugwedera m'thupi mwake, yoyenera kugula ndi ya VR basi, ngakhale itakwererapo mtengo.

Kwa amene cholinga chake chachikulu ndi vidiyo, monga kujambula kwaya ya kutchalitchi kapena kuika zinthu pa YouTube, kamerayi si yoyenera. Imajambula vidiyo ya 1080p mpaka mafulemu 60 pa sekondi ndipo zithunzi zake n'zooneka bwino, koma ilibe polowetsera maikolofoni, sikirini yake ya mainchi atatu siitembenuka ndiponso siimva chala, ndipo pojambula vidiyo imasakasaka isanalunjike. Wotereyu ayang'ane Canon EOS 250D ya chaka cha 2019, imene ili ndi sikirini yotembenuka, polowetsera maikolofoni, ndi kalunjikidwe ka Dual Pixel kotsatira nkhope bwino. D3500 ilibenso Wi-Fi. Imalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth ndi pulogalamu ya SnapBridge, imene imatumiza zithunzi zochepetsedwa za ma megapixel 2, zokwanira pa WhatsApp ndi Facebook koma osati zotsukitsa zazikulu. Kachipangizo kowerengera khadi la SD kolowetsa pa foni kamathetsa vutoli ndi ndalama zochepa. Kusintha ISO kumafunanso kulowa pa sikirini chifukwa palibe batani lakelake, ndipo munthu akayamba kuzolowera kujambula pa M, pamene amasankha yekha nambala zonse, zimenezi zimamuchedwetsa.

Canon EOS 2000D, imene ku America imatchedwa Rebel T7, inatulukanso mu 2018 ndipo ili ndi ma megapixel 24.1, Wi-Fi, ndi timadontho 9 tolunjikitsira. Zithunzi zake masana n'zabwino, ndipo ili ndi mwayi waukulu umodzi: lenzi ya EF 50mm f/1.8 STM ndi yotchipa ndipo imalunjika yokha pa kamera iliyonse ya DSLR ya Canon. Ngati m'bale wanu kapena mnzanu wapamtima ali ndi malenzi a Canon ndipo angakubwerekeni, chifukwa chimenecho n'chokwanira kusankhira Canon, pakuti kuphunzira pafupi ndi munthu wodziwa kamera yofanana ndi yanu kumaposa kusiyana kwa manambala. Imene sindingalangize ndi EOS 4000D, ya ma megapixel 18, yokhala ndi sikirini yaing'ono ndi polumikizira lenzi papulasitiki, pokhapokha mtengo wake utakhala wotsika kwambiri.

Nikon inasiya kupanga D3500 cha m'ma 2022, kotero zambiri zimene zikupezeka tsopano ndi zogwirako kale ntchito, kaya ku Lusaka, kwa anthu oitanitsa katundu kunja, kapena pa Facebook. Mtengo wake umatsata kayendedwe ka Kwacha ndi dola, choncho funsani malo angapo musanavomere. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene simunamuone, pa kamera imene simunaigwire m'manja. Pokumana naye tengani khadi lanu la SD, jambulani chithunzi cha JPEG, ndipo mudziwe kuchuluka kwa zithunzi zimene kamerayo yajambula kuyambira pachiyambi, chifukwa makamera a Nikon amalemba nambala imeneyi m'kati mwa chithunzi chilichonse ndipo pali masamba a pa intaneti amene amaiwerenga kwaulere. Shutter ya makamera a gulu limeneli inapangidwa kuti ipirire kujambula pafupifupi ka 100,000, choncho kamera ya munthu amene ankajambula maukwati Loweruka lililonse ingakhale itatopa ngakhale ikuoneka yoyera kunja. Yesani thambo pa f/22 monga tafotokozera, walitsani tochi ya foni mkati mwa lenzi kuti muone ngati muli ulusi wa nkhungu, dinani batani lililonse, ndipo onetsetsani kuti chaja ndi batire ndi zenizeni za Nikon. Khadi la SD ligulidwe m'sitolo yodalirika, chifukwa makhadi abodza olembedwa mayina odziwika ndi ochuluka, ndipo amataya zithunzi popanda chenjezo.

Wina angafunse ngati kuli kwanzeru kugula DSLR pamene Canon ndi Nikon, kuyambira mu 2018 pomwe anatulutsa kalumikizidwe katsopano ka RF ndi Z, aika mphamvu zawo pa makamera opanda galasi monga Nikon Z50 ndi Canon EOS R50. Makamera amenewa amalunjika pa diso la munthu okha ndipo amaposa D3500 pa vidiyo, koma iwo ndi malenzi awo ndi okwera mtengo, ndipo mabatire awo amatha msanga. Kusamuka kwa ojambula ambiri kupita ku makamera atsopanowa n'kumene kwachititsa kuti malenzi abwino a F azipezeka ambiri pa msika wa zogwirako kale ntchito, ndipo woyamba amene ndalama zake n'zowerengeka amapindula nazo. Malenzi a AF-S ndi AF-P amene mungagule lero amagwiranso ntchito pa makamera a Nikon Z kudzera pa cholumikizira chotchedwa FTZ, ndipo amalunjika okha monga kale, choncho 35mm ndi 70-300mm zija mudzapitiriza kuzigwiritsa ntchito tsiku limene mudzasinthe kamera.